Phazi la Njovu Kuseri kwa Golo

Wailesi ya kutsidya kwa Zambezi imamveka bwino kwathu kuposa ya ku Lusaka. Tsiku lina masana ndikusoka ukonde, ndinamva amuna akukangana pa wailesiyo za timu ya kiriketi. Masewerawo sindiwadziwa. Ndinangowaonapo pa TV ku Boma, anthu ovala zoyera ataima padzuwa ngati akudikira basi. Koma mkanganowo ndinaumva wonse. Wosewera wina anali atavulala chala. Mmodzi ankati alowe uja wakhala akudikira pa benchi zaka zonsezi. Mnzake ankati ayi, kuli mnyamata kwinakwake amene ali ndi moto. Ndinasiya kusoka. Panalibe amene anafunsa ngati munthu wa pa benchiyo anali atalonjezedwa kale.

Ine ndinakhalapo pa benchi yotero. Yathu inali chipika cha tsanya.

Mudzi wathu uli m'mbali mwa Luangwa, kumtunda pang'ono kwa Boma. Bwalo la bola lili pamalo otsika, pakati pa nyumba ndi madimba, chifukwa kwina konse ndi miyala ndi misau. Malowo ndi njira ya njovu popita kumadzi. Nthawi ya mvula zimadutsa dothi lili lofewa, ndipo dzuwa likabwera, pamene zaponda pamauma n'kukhala maenje, ena ofika m'bondo. Mbali ya kumtsinje imachedwa kuuma, choncho ngakhale m'nyengo ya masau njovu zikadutsa zimasiyabe maenje atsopano.

Timu itangoyamba, mnyamata wina wothamanga kwambiri anaponda m'dzenje lotere n'kuthyoka mwendo. Mpaka lero amatsimphina. Kuyambira pamenepo panakhala lamulo lakuti wosakwirira phazi la njovu savala jezi. Masewera a pakhomo asanachitike, aliyense wofuna kusewera ankabwera ndi khasu, n'kukumba dothi la pachulu, kuthira m'dzenje, kupondaponda mpaka palimbe. Akamaliza, atcheyamani a komiti ankayesa ndi chidendene, n'kufuula kuti, "Wakwirira!" Lamulolo silinkaona nkhope. Aphunzitsi ankakwirira. Wapolisi wina amene anasewera nafe kanthawi anakwirira atavala yunifolomu, ana akumuseka. Panalinso lamulo lachiwiri, lakuti wosewera akhale wa m'mudzi muno, kapena amayi ake akhale obadwira muno. Kuno lamulo lotere limafunika, chifukwa palibe banja lopanda abale kutsidya.

Nditamaliza sekondale ndinabwerera kumudzi. Ntchito ya m'tauni sinapezeke. Ndinatenga dimba la bambo anga ndi mwadiya wawo, bwato la mtengo umodzi, ndipo mpaka lero ndimawolotsa anthu ndi katundu kupita ku Zumbo, tsidya la Mozambique. Bola ndinkaikonda kuposa mmene iyo inkandikondera. Ndinali kipa wachiwiri. Woyamba atasiya, panabwera wina wamtali kundiposa. Iyenso atapita ku Copperbelt, panakula wina, msodzi, wamng'ono kwa ine koma wa maso ofulumira. Sindinadandaule. Onsewo ankandiposa, ndipo ndinkadziwa.

Ntchito ya kipa wachiwiri inali kusunga magolovesi. Timu inali ndi peyala imodzi yokha. Ndinkawachapa, ndinkawasoka ndi ulusi wa ukonde, ndipo tsiku la masewera ndinkawapereka kwa kipa woyamba pakati pa bwalo anthu akuona. Pa maphunziro a mkati mwa sabata ndine ndinkaima pa golo mpaka zigongono zinasupuka, chifukwa kipa woyamba nthawi zambiri ankakhala ali kumadzi. Mapazi a njovu amene ndinakwirira pa bwalo limene lija sindingawawerenge. Ana anga anakula akudziwa kuti bambo awo ndi a mu timu, koma sanandionepo ndikugwira bola pa masewera enieni, kupatula mphindi zomalizira tikakhala kuti tagoletsa kale zambiri.

Kochi wa timu anali mlamu wanga. Tisanakhale pachilamu tinali mabwenzi. Tinayamba limodzi sukulu, tinkagawana mbewa ndi masau pa njira, ndipo atafuna kukwatira mlongo wanga ndine ndinamulankhulira kwa amalume. Anali munthu wodziwa kulankhula. Ine ayi. Anthu ankati iye ndi pakamwa, ine ndi msana.

Chaka chimenecho tinafika pa fainolo ya mpikisano wa midzi, kwa nthawi yoyamba. Tinkakumana ndi timu ya ku Kavalamanja, ndipo maere anagwa kuti masewera akhale pa bwalo lathu. Mphotho inali mbuzi ndi majezi atsopano. Ine tsitsi linali litayamba kuyera m'mbali. Ndinali nditauza kale mkazi wanga kuti chimenecho n'chaka changa chomaliza.

Kumayambiriro kwa sabata ya fainoloyo, kipa wathu analasidwa ndi nsomba ya nkholokolo. Ankaichotsa mu ukonde, iyo n'kutambasula munga wake, mungawo n'kulowa pakati pa chikhatho n'kuthyokera momwemo. Msodzi aliyense analasidwapo ndi nsomba imeneyi, choncho iye anangomanga kansanza n'kupitiriza ntchito. Kutacha dzanja linali ngati papaya. Anamukweza pa njinga yamoto kupita ku chipatala cha ku Katondwe. Anabwerako mkono uli pachifuwa, atauzidwa kuti asagwire kanthu kolemera.

Tsiku lotsatira linali lokwirira mapazi. Njovu zinali zitadutsa mbali ya kumtsinje kufuna masau, ndipo maenje analipo ambiri. Tinagwira ntchito kuyambira m'mawa. Aliyense anakwirira lake, atcheyamani akuyendera ndi chidendene chawo. Dzuwa litakwera, anthu anayamba kubalalika. Ine ndinaona dzenje limodzi latsala kuseri kwa golo ya kumtsinje, pafupi ndi pamene timakhomera ukonde. Silinali lalikulu. Kipa akathamangira bola yotuluka akhoza kupondamo. Ndinanyamula khasu kulunjika kumeneko.

Mlamu wanga anandigwira paphewa.

"Alamu, lisiyeni limenelo."

"N'laling'ono. Sinditenga nthawi."

"Lili kunja kwa mzere. Mwatopa, ndipo manja amenewa tikuwafuna Loweruka. Mukufuna matuza?"

Ndinayang'ana m'manja mwanga. Mawu amenewo anandikomera. Ndinaika khasu paphewa, tinabwerera limodzi kumudzi tikukamba za mmene a ku Kavalamanja amamenyera makona.

Msonkhano wosankha timu unachitikira pansi pa msau waukulu wa pambali pa bwalo. Kwathu nkhani yotere sikhala ya komiti yokha. Anabwera osewera onse, madoda ena amene anasiya bola kalekale, ndi azimayi ogulitsa zitumbuwa amene ankanamizira kuti sakumvetsera.

Woyamba kulankhula anali namba naini wathu, mnyamata wogoletsa koma wapakamwa.

"Ba kochi, tisanamizane apa. Mudala uyu ndimamupatsa ulemu. Koma akagwera kumanzere, bola ya kumanja ifika ku Zumbo iye asanadzuke."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa munali choonadi pang'ono.

Aphunzitsi, amene ankasewera pakati, anati tiike pa golo mnyamata wamtali wa kumbuyo, namba faifi. Mwini wakeyo anadzuka msangamsanga.

"Ine? Manja awa ndi a khasu, aphunzitsi. Ngakhale kunyumba akandiponyera chinthu ndimachimenya ndi mutu. Nanga ndikapita pa golo, kumbuyo atseka ndani? Inu, ndi mawondo anu a choko?"

"Ine ndibwerera kumbuyo, pakati palowe wina."

"Ndiye kuti tasuntha anthu atatu chifukwa cha munga umodzi wa nsomba," anatero atcheyamani. "Mukagwetsa khoma kuti mutseke zenera, mugona panja."

Mdala wina anati kipa wovulalayo amumange bwino dzanja, aime ndi limodzi, popeza dzanja lake limodzi ndi lofanana ndi awiri a anthu ena. Kipayo anali pomwepo, mkono uli m'nsalu. Anati iye sakana, koma mkazi wake wabisa kale nsapato zake za bola, ndipo wanena kuti akaima pa golo akagone kwa atcheyamani. Mayi wina wa zitumbuwa anafuula kuti mkaziyo ndiye yekha ali ndi nzeru pa timu yonse.

Zinapitirira choncho. Ena ankati ndine wochedwa koma sindichita mantha ndi miyendo ya anthu. Ena ankati mantha si nkhani, nkhani ndi msana. Ankakamba za ine ngati ndili kumadzi, ine ndili pakati pawo. Pomaliza atcheyamani anatembenukira kwa ine.

"Nanga eni ake mukuti bwanji?"

"Ndikuti ndilipo," ndinatero.

Mlamu wanga nthawi yonseyi ankangojambula pansi ndi kamtengo. Anadzuka, n'kukutumula fumbi pa thalauza.

"Tamva zonse. Ine funso langa ndi limodzi. Munthu uyu timamusungiranji zaka zonsezi, ngati tsiku lotere litafika tiyamba kuyang'ana kumwamba? Ndani pano wakwirira mapazi ambiri kuposa iye? Ndani wasoka magolovesi aja? Palibe wosuntha. Namba faifi akhala pamalo pake, aphunzitsi pamalo pawo. Loweruka pa golo adzaima alamu anga. Ndatha."

Anthu anaomba m'manja. Namba naini anabwera kudzandigwira chanza, nati, "Mudala, musanditengere. Ingogwirani ziwiri, ine ndigoletsa zitatu." Popita kunyumba ndinadutsa njira ya kumadimba kuti ndikhale ndekha. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinayenda mopepuka choncho.

Mkazi wanga anachapa jezi ya kipa, yachikasu, n'kuisita ndi simbi yamakala ngati ndi malaya a ku tchalitchi. Mwana wanga wamkazi wamkulu, amene anali ku sukulu yogonera komweko, anatumiza mawu kuti wapempha chilolezo ndipo abwera.

Kutatsala tsiku limodzi, mlamu wanga anabwera kunyumba m'mawa. Anati msuweni wake wa kutsidya, mwana wa azakhali ake amene anakwatiwa cha ku Zumbo, akufuna kudzaona agogo ake ndi kudzaonerera fainolo. Anati angatume wina aliyense, koma pa njira pali mvuu yokhala ndi mwana, ndipo sangakhulupirire munthu wina koma ine.

"Musapalase mwamphamvu, alamu. Mapewa amenewo si anu okha sabata ino."

Ndinapita. Mlendoyo ndinamupeza pa gombe atakhala pa kachikwama. Anali mnyamata wamtali, wamikono yaitali, waulemu. Anandipatsa moni m'Chikunda, nafunsa za agogo ake. Za bola sanatchule. Tili pakati pa mtsinje madzi anayamba kulowa pang'ono mu mwadiya, ndipo ndinamuponyera chitini chokapira. Ndinaponya moipa, chinkapita m'madzi. Iye anangotambasula dzanja limodzi, osatembenuka n'komwe, chitini chili m'manja.

"Manja amenewo ndi abwino," ndinatero.

Anaseka, n'kuyamba kukapa madzi. Nthawi yomweyo mvuu ija inatulutsa mutu kumunsi kwathu, ndipo maganizo anga anapita ku nkhafi. Ndinamufikitsa bwino. Ndinamunyamuliranso chikwama mpaka kunyumba kwa mlamu wanga. Mlongo wanga anatilandira. Anandipatsa madzi akumwa akuyang'ana pansi, ndipo nditamufunsa ngati ali bwino, anati ndi mutu chabe.

Loweruka anthu anabwera ambiri kuposa pa maliro a munthu wamkulu. Ena anachokera ku Mphuka pa njinga. A ku Kavalamanja anafika pa lole akuimba. Ndinavala jezi yachikasu ija kunyumba, n'kuyenda nayo m'mudzi. Pa bwalo ndinaima pa golo ya kumtsinje, anyamata akundimenyera bola kuti thupi lifunde. Ndinagwira zingapo bwino. Mwana wanga anali ataima ndi amayi ake pafupi ndi msau, ataphimba kumaso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa.

Kenako ndinamva anthu akuyenda kumbuyo kwanga. Nditacheuka, ndinaona mlamu wanga, atcheyamani, kapiteni wa timu ya alendo, ndi mnyamata wa kutsidya uja. Mnyamatayo anali atanyamula khasu ndi ndowa ya dothi la pachulu. Anaima pa dzenje lija la kuseri kwa golo. Anathira dothi, anasalaza, anapondaponda. Sizinatenge nthawi. Mlamu wanga ankafotokozera kapiteni wa alendo kuti amayi a mnyamatayo anabadwira m'mudzi muno, agogo ake ndi awo akhala pa mphasa apo, akafuna akawafunse. Atcheyamani anaponda ndi chidendene. Sanandiyang'ane.

"Wakwirira!"

Bola imene mnyamata wina anamenya nthawi imeneyo inandidutsa pambali pa khutu. Sindinaione.

Mlamu wanga anabwera pa golo. Anaima pafupi kwambiri, kuti mawu asapite kutali.

"Alamu, zinthu zasintha pang'ono. Anyamata ali ndi mantha. Uyu amaimira timu yaikulu kwawo. Ndi lero lokha."

Anayang'ana magolovesi m'manja mwanga, n'kupitiriza.

"Mukudziwa kuti sitinafikepo apa. Mudzi wonse uli pano. Tithandizeni, alamu. Magolovesi."

Mwambo wathu unali wopereka magolovesi pakati pa bwalo. Ndinayenda mpaka pakati, mnyamata uja akunditsatira. Ndinavula magolovesi, ndinamupatsa. Kenako ndinakumbukira kuti jezi ya kipa nayonso ndi imodzi. Ndinaivula pomwepo, anthu onse aja akuona. Inali yonyowa kale ndi thukuta langa. Ndinachoka pa bwalo ndili chifuwa pamtunda, chifukwa malaya ndinali nditawasiya kunyumba. Wina wa ku Kavalamanja anafuula kuti, "Agogo apuma asanayambe!" Anzake anaseka. Athu ambiri anayang'ana kwina.

Ndinakhala pa chipika chija. Mkazi wanga anabwera n'kundifunditsa chitenge chake pamapewa, n'kubwerera. Kipa wovulala uja anasendera pafupi nane.

"Mudala, ine sindinadziwe. Mulungu akuona."

"Ndamva," ndinatero.

Mnyamata wa kutsidya anasewera bwino. Ndiyenera kunena zimenezi. Anagwira bola ziwiri zimene ine sindikadazifika, ina ya m'mwamba pakona, ina ya pansi imene anaikankha ndi nsonga za zala. Panali zinanso zimene ndikadagwira monga iye. Namba naini anagoletsa chimodzi chigawo chachiwiri, ndipo chinakhala chomwecho. Tinapambana.

Kupambanako ndiko kunanditseka pakamwa. Tikadaluza, anthu akadati kochi analakwa. Koma mudzi wonse unali kuvina. Anamunyamula mlendoyo pamapewa kuzungulira bwalo, jezi yosita mkazi wanga ili yofiira ndi dothi. Munthu ungadandaule kwa yani pa tsiku lotere? Mwana wanga anabwera kudzakhala nane pa chipika. Anati, "Atate, tiyeni kunyumba." Tinapita. Ku mbuzi sindinapiteko.

M'mawa mwake anabwera mlongo wanga. Anaima pakhomo. Anati mlendo uja ayenera kubwerera kwawo, ndipo eni miadiya ena onse akadali ndi mowa wa dzulo m'mutu.

"Wakutuma ndi mwamuna wako?"

"Achimwene, ine ndingatani?"

"Unkadziwa?"

Anayamba kulira. Sindinafunsenso. Mlendo ndi mlendo, ndipo mvuu ija inali ikadali pa njira. Ndinatenga nkhafi.

Tinapalasa mpaka titadutsa mchenga wa pakati. Ndiye mnyamatayo anayamba yekha.

"Baba, msana uli bwanji lero?"

"Msana wa yani?"

"Wanu. Dzulo nditaona mukuvula jezi, mtima unandiwawa. Ndinafunsa msuweni wanga. Anati ndinu mwapempha nokha kuti mupume, msana wakugwirani."

"Msana wanga uli bwino."

Anayang'ana m'madzi. Ndinaona kuti akuganiza.

"Anakuitana liti?" ndinamufunsa.

"Tsiku lomwe kipa wanu analasidwa ndi nsomba. Anandiimbira foni madzulo ake. Anati timu ilibe kipa wina, ndikapanda kubwera aika munthu wa kumbuyo. Anati m'njira ndisakambe za bola, a timu inayo angamve n'kuyamba milandu. Anatinso dzenje langa andisungira."

Pamenepo zonse zinakhala m'malo mwake. Pamene ankandigwira paphewa kuti ndisiye dzenje lija, n'kuti foni itaimbidwa kale. Pamene ankalankhula pansi pa msau, anthu n'kumaomba m'manja, n'kuti dzenje lili kuseri kwa golo likudikira mwini wake. Sikuti anyamata anachita mantha Loweruka m'mawa. Anandisiya ndiyende m'mudzi ndi jezi yachikasu akudziwa kuti ndidzaivula.

"Ndiye inu ndinu kipa?" anafunsa mnyamatayo.

"Wachiwiri."

"Ndikadadziwa, baba, sindikadakwera mwadiya uno."

"Ukadakwera wina," ndinatero. "Si mlandu wako. Wasewera bwino."

Pa gombe anatulutsa magolovesi m'chikwama. Anati anaiwala kubweza dzulo. Anayang'ana pamene ndinasoka ndi ulusi wa ukonde, nati sanaonepo kasokedwe kotero, sikapweteka zala. Ndinawalandira n'kuwaika pansi pa thabwa lokhalira.

Mlamu wanga anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, atanyamula mwendo wa mbuzi m'mbale. Anati ndi gawo langa, komiti yasankha mwendo wakumbuyo. Ndinamupatsa mpando. Mkazi wanga analandira mbale n'kulowa nayo m'nyumba.

Anakamba zambiri. Anati kochi sagona. Anati akadanena pa msonkhano paja, nkhani ikadafika ku Kavalamanja tsiku lomwelo. Anati iye anauza atcheyamani Loweruka m'mawa, ndipo nawonso anaona kuti malamulo onse awiri atsatidwa. Anati majezi atsopano akabwera, ya kipa ndidzayamba kuvala ndine.

"Alamu, ndikadakuuzani mukadakana."

"Ndikadavomera."

Anandiyang'ana.

"Ndakhala ndikuvomera zaka zonsezi," ndinatero. "Ukadabwera kuno n'kunena kuti kuli mnyamata wondiposa, ndikadapalasa chimodzimodzi kukamutenga. Dzenje lija ndikadamusungira ndine. Jezi ndikadamupatsira kunyumba."

Kuyambira pamene anakwatira mlongo wanga ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe. Anamva. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ubwana wathu, analibe mawu.

Ndaganizirapo nthawi zambiri ngati ndinanena zoona tsiku limenelo. Ndikhulupirira ndinanena zoona. Zikadandiwawa, koma ndikadavomera. Munthu amene anakhala nane pa desiki imodzi ankayenera kudziwa zimenezo. Mwina ankadziwa, koma anaona kuti kunama n'kwapafupi kuposa kundiyang'ana m'maso.

Magolovesi ndinakawapereka kwa kipa woyamba dzanja lake litapola. Mvula itatha chaka chotsatira, wezulo inalira m'mawa kuitana anthu ku bwalo ndi makasu. Ndinatenga khasu langa n'kupita kudimba.

Bwalo lilipobe, ndipo lamulo lija amalitchulabe. Koma kuyambira chaka chimenecho, masewera aakulu akayandikira amasiya dala dzenje limodzi kapena awiri kuseri kwa golo. Analipatsa ndi dzina lomwe, amati phazi la mlendo. Anyamata a m'mudzi anaona zimenezo. Pa tsiku lokwirira amabwera ochepa, chifukwa amadziwa kuti ukhoza kukwirira m'mawa wonse, jezi n'kuvala munthu wa ndowa imodzi. Chaka chatha ndinadutsa pa bwalopo popita kumadzi, ndinaona maenje ali pakati penipeni, atangowazamo mchenga pamwamba.

Ine ndi mlamu wanga sitinakanganepo. Pa maliro timakumba limodzi. Ana ake amadya kwanga, anga amadya kwake. Mbuzi ija tinadya, nyama ilibe mlandu. Amanditchulabe kuti alamu, inenso ndinabwerera ku ulemu wakale. Nthawi zina amabwera kudzapempha kuti ndikamutengere munthu kutsidya, chifukwa mwadiya wake unawola ndipo njira ya mvuu saidziwa. Ndimapita. Koma ndisanamasule chingwe ndimamufunsa kuti munthuyo akubwera kudzachita chiyani, ndipo ndimadikira mpaka ayankhe akundiyang'ana.